Zidutswa za zitsulo zaunjikana mu shopu: tisunge ziti, ndipo tizisunge motani?

Wowerenga wina, amene ali ndi shopu yowotcherera zitsulo ku Kawale mumzinda wa Lilongwe, wafunsa motere: "Ndimapanga mageti, mafelemu a zitseko ndi a mawindo, komanso zitsulo za m'mawindo zotchingira akuba, ndipo ndili ndi anyamata atatu amene akuphunzira ntchito. Zidutswa zotsala pa ntchito iliyonse timaziponya pakona, moti lero pali mulu wofika m'chiuno. Ndikafuna kachidutswa ka angle iron ndimadziwa kuti kalipo, koma kukapeza n'kovuta, choncho ndimangodula chitsulo chatsopano. Zapansi zachita dzimbiri, ndipo mwezi watha mnyamata wina anachekedwa phazi. Kodi ndigulitse mulu wonsewo kwa ogula zitsulo zakutha, kapena pali njira yozisungira bwino pamalo ochepa ngati anga?"

Bambo, musagulitse mulu wonsewo, komanso musausunge wonse. Mu mulu woterowo mumakhala zinthu za magulu atatu zitasakanikirana. Muli zitsulo zimene zikadali katundu weniweni wa shopu yanu, muli zina zimene kwa inu zilibe ntchito koma mmisiri wina angazigule pa mtengo wabwino, ndipo muli zakutha zenizeni zoyenera kupita pa sikelo. Mulu umabadwa pa nthawi yodula chitsulo, pamene wodulayo sanaweruze kuti chotsalacho chili m'gulu liti, n'kungochiponya pakona kuti chidzaonedwe tsiku lina. Tsiku limenelo silifika, chifukwa ntchito ya kasitomala nthawi zonse imakhala yachangu kuposa kusankhula zidutswa. Choncho zonse zimene ndikuuzeni pano zikuchokera pa mfundo imodzi, yakuti chidutswa chilichonse chiziweruzidwa kamodzi kokha, chikadali m'manja mwa amene wachidula, ndipo pazikhala malo okonzeka kale oti chipiteko.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Chidutswa chimene chingakutengereni nthawi yaitali kuchifufuza kuposa nthawi yodulira chitsulo chatsopano, m'maso mwa ntchito ndiye kuti mulibe, ngakhale munachilipira ndi ndalama zanu. Ndipotu munachilipiradi. Round bar ya mamilimita 12 imalemera pafupifupi makilogalamu 0.89 pa mita imodzi, angle iron (chitsulo chopindika ngati chilembo L) ya mamilimita 40 ndi 40 ndi 4 imalemera pafupifupi makilogalamu 2.4 pa mita, ndipo ya 50 ndi 50 ndi 5 imafika pafupifupi makilogalamu 3.8. Mulu wofika m'chiuno ungathe kukhala ndi makilogalamu mazana angapo, onse ogulidwa pa mtengo wa chitsulo chatsopano. Mukaugulitsa wonse pa sikelo mudzalandira kagawo kochepa chabe ka ndalama zimene munalipira, ndipo n'chifukwa chake sindikuvomereza kuti muugulitse musanausankhule.

Musanakhudze muluwo, yambani ndi buku la ntchito zanu. Onani ntchito zimene mwagwira miyezi ingapo yapitayi, ndipo pa mtundu uliwonse wa chitsulo mudzifunse kuti chidutswa chachifupi kwambiri chimene munachigwiritsadi ntchito chinali chotalika motani. Pa ntchito ngati yanu, flat bar ya 25 ndi 3 imagwira ntchito ngakhale itangotsala mamilimita 100, chifukwa ndi imene mumapangira timakutu tolowa m'khoma pa mafelemu, popachika loko, ndi tizitsulo tolimbitsira mahinji. Angle iron ya mamilimita 150 ikadali yothandiza pa mabulaketi ndi pa miyendo yogwiririzira. Koma square tube yopyapyala yosafika mamilimita 300 kawirikawiri imangodya malo, ndipo round bar yofupika kuposa mpata wa pakati pa zitsulo za pawindo simudzaipezera poiika. Manambalawa ndi poyambira chabe, ndipo ntchito zanu ndizo ziyenera kuwakonza. Mukawakhazikitsa, muwalembe ndi penti pakhoma pafupi ndi podulira, kapena muwotcherere kachizindikiro pa tebulo lodulirapo, kuti mnyamata azingogoneka chidutswa pamenepo n'kuona yekha ngati chikusungidwa kapena ayi. Muikenso malire a kuchuluka kwake. Tizidutswa ta flat bar tikadzaza chitini chimodzi, takwana, ndipo totsatira tizipita kwa zogulitsa mpaka m'chitinimo mutapezeka malo. Pamenepa ndi pamene amisiri ambiri amalepherera, chifukwa chidutswa chilichonse pachokha chimaoneka chofunika.

Tsiku losankhula muluwo likhale lopanda ntchito ina. Aliyense avale magolovesi achikopa ndi nsapato zolimba, ndipo muluwo muuphwasule ndi chitsulo chachitali chokowera, osati kupisa dzanja, chifukwa pansi pa zitsulo zokhalitsa pamabisala njoka, zinkhanira ndi makoswe. Za mnyamata amene anachekedwayo, ngati sanapite kuchipatala apite akaonedwe ndi kufunsa za katemera wa kafumbata. Tizilombo toyambitsa matendawa timakhala m'dothi ndi m'fumbi, ndipo bala lakuya lobayidwa ndi chitsulo chokhala pansi ndi malo amene timakulira bwino. Anyamata enawo nawonso ndi bwino adziwe ngati katemera wawo akadali ndi mphamvu.

Posankhula, choyamba ndi mtundu wa chitsulo, ndipo zida zake ndi maginito ndi grinder basi. Maginito mungawachotse mu sipika yakale. Chimene maginito achigwira mwamphamvu kawirikawiri ndi chitsulo wamba, chimene pa ntchito timati mild steel, kapena cast iron, kapena chitsulo cholimba cha masipuling'i ndi mashafuti. Chimene sanachigwire ndi aluminiyamu, mkuwa, brass (mkuwa wachikasu uja), kapena stainless (chitsulo chosachita dzimbiri msanga) ya mtundu wa 304. Pa stainless musadalire maginito okha, chifukwa ya mtundu wa 430 imagwidwa bwinobwino, ndipo 304 nayo imakoka pang'ono pamalo pamene yapindidwa. Aluminiyamu amadziwika ndi kupepuka kwake, popeza amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo cha kukula komweko, pamene mkuwa ndi wofiirira ndiponso wolemera kuposa chitsulo. Zogwidwa ndi maginito zija muzisiyanitse pozikhudzitsa pa grinder pamalo amthunzi. Chitsulo wamba chimatulutsa tizimoto tatitali, tachikasu, tokhala ndi nthambi zochepa kumapeto. Chitsulo cha sipuling'i ya galimoto kapena cha fayilo chimatulutsa tizimoto towala, tothetheka nthambi zambirimbiri, chifukwa cha kuchuluka kwa kaboni. Cast iron imatulutsa tizimoto tatifupi, tofiira, tosapita patali. Njira yabwino yophunzitsira anyamata ndi kusunga kachidutswa kamodzi kodziwika bwino ka mtundu uliwonse, kolembedwa dzina, kuti aziyerekeza nako chimene akuchikayikira.

Kusiyanitsaku kuli ndi zifukwa zoposa udongo. Chitsulo cha sipuling'i kapena cha shafuti mukachiwotcherera ndi rodi wamba yowotcherera ya 6013 ngati kuti ndi mild steel, chimaoneka kuti chagwira, koma m'mbali mwa powotchererapo chimauma kwambiri ndipo chimatha kuthyoka mwadzidzidzi chikagundidwa. Zitsulo za mizeremizere zoika mu konkire, monga Y12, nazonso sizifanana ndi round bar yosalala, ndipo zisamakhale m'chipinda chimodzi, chifukwa zimapindika ndi kuwotchereka mosiyana. Stainless ikagona pamodzi ndi chitsulo wamba, kapena ikagwiridwa ndi disiki imene inadulapo chitsulo wamba, tizitsulo tosaoneka ndi maso timamatirira pamwamba pake n'kuyamba kuchita dzimbiri, ndipo kasitomala amabwera kudzadandaula kuti munamugulitsa stainless yabodza. Choncho malo a stainless ayalidwe matabwa kapena labala, ndipo akhale kutali ndi kumene grinder imaulutsira fumbi. Zitsulo zokutidwa ndi zinki, monga mapaipi a madzi ndi malata, zikhalenso pazokha, kuti wozitenga adziwe kuti ayenera kupala zinkiyo ndi kuwotcherera pamalo opita mphepo, popeza utsi wake woyera uja umadwalitsa mutu, kuphwanya thupi ndi kunjenjemera ngati malungo. Palinso ngozi ina imene ambiri saidziwa: fumbi la aluminiyamu likasakanikirana ndi fumbi la dzimbiri pansi pa grinder, kamoto kakagwerapo limatha kuyaka ndi moto wotentha koopsa. Pamalo amodzi musamapalirepo aluminiyamu ndi chitsulo osayamba mwasesa.

Mitundu ikasiyanitsidwa, chotsatira ndi kutalika, ndipo magulu atatu ndi okwanira. Zazitali, kuyambira mita imodzi ndi theka kupita m'tsogolo, zimagona pa chisanja cha pakhoma pamodzi ndi zitsulo zatsopano za mtundu womwewo, zili kutsogolo, kuti wobwera kudzatenga chitsulo ayambe wakumana ndi chotsala asanafike pa chathunthu. Chisanjachi mungachipange nokha ndi zitsulo za mu mulu womwewo. Nsanamira zikhale za angle iron yolemera, ya 50 ndi 50 ndi 5 kapena kuposa, zotalikirana pafupifupi mita imodzi kuti zidutswa zazifupi zizigona pa mikono iwiri, ndipo mikonoyo isapitirire mamilimita 400, yopendekekera m'mwamba pang'ono kapena yokhala ndi kachitsulo koimirira kumapeto kuti ma round bar asagubuduke. Zolemera zikhale m'munsi ndipo matiyubu opepuka m'mwamba, koma osapitirira pamene munthu angafike ataima pansi. Werengerani kulemera musanakhulupirire khoma. Ma round bar 50 a mamilimita 12, otalika mamita 6, amalemera makilogalamu oposa 260, ndipo khoma la njerwa zomangidwa ndi dothi silingasunge katundu wotero pa mabauti okha. Ngati khoma lanu ndi lotero, kapena ngati shopuyo ndi yochita lendi, pangani chisanja choima pachokha, chokhala ndi mapazi otalika kuposa mikono yake, ndipo khomalo lingochithandiza kuti chisagwedezeke.

Zapakatikati, kuyambira mamilimita 300 mpaka mita imodzi ndi theka, ndizo zochuluka pa ntchito ya mageti ndi mawindo, ndipo ndizonso zimasowa kwambiri mu mulu. Izi ziziimikidwa, zisagonekedwe. Chidutswa choimirira mumachiona kutalika kwake ndi maso muli chapatali, ndipo mumachisolola osasuntha chinzake, pamene chogona chimabisika pansi pa zinzake tsiku lomwelo. Pangani bokosi la angle iron lotalika pafupifupi mamilimita 600, logawidwa pamwamba ndi ma round bar kukhala tizipinda ta mamilimita 150 kapena 200 mbali zonse, pansi pake pali chitsulo chobooledwa kapena sefa yolimba kuti fumbi ndi madzi zizigwa. Kachipinda kalikonse kakhale ka mtundu umodzi ndi saizi imodzi: square tube ya 20 payokha, ya 25 payokha, angle iron ya 25, ya 40, flat bar, round bar ya 10, ya 12, malinga ndi zimene mumagula. Mzere wakumbuyo ukhale wa zazitali, wakutsogolo wa zazifupi, ndipo kwa zazifupizo mukweze pansi pake kuti zisamire. Bokosi limeneli, lotenga malo osaposa mita imodzi m'litali ndi theka la mita m'lifupi, limameza gawo lalikulu la zimene zili zothandiza mu mulu wanuwo. Likhale pafupi ndi podulira, pamtunda wongotembenuka, chifukwa likakhala kuseri kwa shopu anyamata adzabwerera ku chizolowezi choponya pakona. Nsonga zoyang'ana m'mwamba muzizipala kaye, makamaka zodulidwa mopendekeka, popeza zimakhala pa msinkhu wa mkono ndi nkhope ya munthu wowerama.

Zing'onozing'ono zosafika mamilimita 300 zipite m'zitini za penti zakale za malita 5, zobooledwa pansi, chitini chilichonse ndi mtundu wake. Musagwiritse ntchito ndowa yaikulu kapena mgolo pa izi, chifukwa chotengera chakuya chimasanduka mulu wina, ndipo ndowa ya malita 20 yodzaza tizitsulo munthu mmodzi sangainyamule bwinobwino.

Mapuleti ndi mashiti otsala amafuna chisamaliro chapadera. Shiti yathunthu ya mamilimita 2440 ndi 1220, yokhuthala mamilimita 1.6, imalemera pafupifupi makilogalamu 37, ndipo ya mamilimita 3 imafika pafupifupi makilogalamu 70. Mashiti khumi oyedzamitsidwa kukhoma ndi katundu woposa makilogalamu 370, ndipo munthu akakoka akutsogolo kuti asolole yakumbuyo, onsewo amatha kumugwera pamiyendo. Apangireni choimikamo chokhala ndi zitsulo zogawa mipata, mpata uliwonse wa kukhuthala kumodzi, kuti shiti izisololedwa cham'mbali osati kukokedwa chakutsogolo. Chidutswa cha shiti chooneka mokhotakhota muchidule mbali zosongokazo tsiku lomwelo kuti chitsale cha makona anayi, ndipo zodulidwazo zipite kwa zogulitsa. Mutaya pang'ono potero, koma chotsalacho chimasungika, chimayezeka, ndipo sichicheka munthu.

Chidutswa chilichonse cha gulu lalitali ndi lapakatikati chilembedwe kutalika kwake m'mamilimita, ndi choko cha mafuta kapena cholembera cha penti, chakumapeto kumene maso amafikira. Pa matiyubu mulembenso kukhuthala kwake, chifukwa square tube ya 25 yokhuthala 1.2 ndi ya 25 yokhuthala 1.6 zimafanana kunja, koma yopyapyalayo imabowoka msanga powotcherera ndipo geti lake silichedwa kupindika. Kulembako kumatenga kanthawi kochepa kwambiri pamene tepi ikadali m'manja, ndipo kumapulumutsa nthawi yoyeza zidutswa zisanu ndi chimodzi kuti mupeze chokwana.

Za dzimbiri, mdani wamkulu ndi chinyezi chochokera pansi, makamaka kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo. Chilichonse chikhale chokwezedwa mamilimita osachepera 150 kuchoka pansi, ngakhale pansipo pali simenti, ndipo chikhale pansi pa denga koma pamalo popita mphepo. Kukulunga zitsulo mu pulasitiki kumawonjezera vuto, chifukwa chinyezi chimatsekeredwa m'kati n'kumasanduka timadontho usiku. Matiyubu ndi mapaipi amene akhala panja apendekeke pang'ono kuti madzi asaime m'kati, chifukwa dzimbiri la m'kati simuliona mpaka rodi itabowola, ndipo madzi oimawo amaswetsanso udzudzu. Feteleza, mchere ndi asidi wa batire zisayandikire zitsulo. Dzimbiri la pamwamba pa angle iron yokhuthala si chifukwa chotayira chitsulo, popeza burashi ya waya imalichotsa. Koma tiyubu yopyapyala imene yayamba timaenje yatha ntchito, ndipo musataye nthawi kuipala. Ena amapaka zotsala oyilo wakuda wochoka mu injini. Ine sindimakonda njira imeneyi, chifukwa oyiloyo amakola fumbi, amaipitsa powotcherera ngati sanatsukidwe bwino, amaletsa penti kugwira, ndipo amawonjezera zinthu zoyaka m'malo amene muli kale moto tsiku lonse. Malo ouma amagwira ntchito imeneyi bwino kuposa oyilo.

Kusunga bwino ndi theka chabe la nkhaniyi, chifukwa zotsala zambiri zimachokera pa kudula kopanda dongosolo. Musanadule, lembani zidutswa zonse za ntchitoyo, muyambe mwaona m'bokosi la zotsala, kenako mugawe zotsalirazo pa zitsulo zathunthu kuyambira ndi zazitali. Kumbukiraninso kuti disiki yodulira imadya chitsulo, pafupifupi mamilimita 3 pa kudula kulikonse ngati ndi yokhuthala. Munthu wofuna zidutswa zisanu za mamilimita 1200 pa chitsulo cha mamita 6 amaona ngati zikwana ndendende, koma akadula kanayi amapeza kuti chachisanu chaperewera ndi mamilimita 12, ndipo amakakamizika kutsegula chitsulo china. Zikanakhala kuti ntchitoyo inalola zidutswa za mamilimita 1190, zisanu zonse zikanatuluka. Chimodzimodzinso chitseko cha saizi yofala ya 813 ndi 2032: mbali zinayi za felemu yake zimadya pafupifupi mamita 5.7 a tiyubu, kotero chotsala chake n'chodziwikiratu, ndipo mungachikonzeretu ntchito musanadule n'komwe. Muziyezanso zitsulo pogula, chifukwa si zonse zimene zimakwana mamita 6 enieni. Ndipo pamene mukutsala ndi mamilimita 900, ndi bwino kuwasiya athunthu kusiyana ndi kudulapo kachidutswa ka 100 kamene kakanapezeka m'chitini.

Pali malire a ntchito zimene zotsala zingagwire, ndipo pamenepa ndilankhula mosapsatira. Mabulaketi, timakutu ta mafelemu, zokongoletsera pa geti, mipando, mashelefu, zoikapo miphika ndi zida zogwiririra ntchito mu shopu momwemo, zonsezi ndi ntchito zabwino za zidutswa. Koma miyendo ya nsanja ya thanki ya madzi, chokokera ngolo kapena telela, ndi zitsulo zonyamula denga zisapangidwe ndi zidutswa zolumikizalumikiza kapena ndi chitsulo chimene simukudziwa mtundu wake. Thanki ya malita 5000 ikadzaza imalemera matani asanu, ili pamwamba pa mitu ya anthu. Ndalama imene mungapulumutse polumikiza zidutswa zitatu kukhala mwendo umodzi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene chingachitike mwendowo ukapindika pa mfundo.

Nkhani ina imene simunafunse, koma imene imadanitsa amisiri ndi makasitomala, ndi ya mwini wa zotsalazo. Kuno kwathu makasitomala ambiri amagula okha zitsulo n'kungolipira ntchito ya manja, ndipo zikatero zotsalazo ndi zawo. Muzigwirizana pachiyambi ngati adzazitenga kapena azisiya, ndipo zoyembekezera kutengedwa muzizimanga mtolo ndi waya n'kulembapo dzina, zisalowe m'bokosi lanu. Ndi anyamata anunso mugwirizane poyera za ndalama ya zogulitsa. Mashopu ena amawapatsa gawo la ndalamayo, ndipo zimathandiza kuti azisesa ndi kusankhula mwakhama, koma zimabweretsanso chiyeso chakuti chidutswa chabwino chizigwera dala m'mgolo wa zakutha. Njira yake ndi yakuti inuyo muziona mgolowo usanapite pa sikelo, ndipo pasapezeke wogulitsa chitsulo cha shopu payekha.

Pogulitsa, yambani ndi amisiri anzanu musanapite kwa ogula pa sikelo. Opanga mbaula amafuna zidutswa za mashiti ndi timawaya tokhuthala, osula amafuna masipuling'i a galimoto popangira nkhwangwa, zikwanje ndi matchizulo, okonza njinga ndi mawilibala amafuna tizidutswa ta flat bar ndi mapaipi, ndipo oumba miphika amagula aluminiyamu. Anthu amenewa amagula chitsulo chifukwa cha ntchito yake, choncho amalipira bwino kuposa wogula kulemera kokha. Zotsalira pamenepo zipite pa sikelo zitasankhulidwa: mkuwa pawokha, brass payokha, aluminiyamu payekha, stainless payokha, chitsulo chokhuthala padera ndi mashiti opyapyala. Mkuwa, brass ndi aluminiyamu zimagulidwa pa mtengo wokwera kwambiri kuposa chitsulo wamba pa kilogalamu, ndipo mukazisakaniza wogula amawerengera zonse pa mtengo wa chotsikitsitsa. Muziyeza nokha katunduyo asanachoke pa shopu, ngakhale ndi sikelo yopachika ija yoyezera chimanga, ndipo muzifunsa mtengo kwa ogula awiri kapena atatu, chifukwa mitengoyi imasinthasintha. Timitu ta marodi totsala powotcherera natonso ndi chitsulo, ndipo chitini chimodzi pafupi ndi makina chimatisonkhanitsa m'malo moti tizibaya anthu kumapazi. Kulemera ndi ndalama ya ulendo uliwonse muzilemba m'buku, pambali pa kulemera kwa zitsulo zimene munagula nyengo yomweyo, kuti muziona ngati kudula kwanu kukupita patsogolo.

Popeza mukhala mukuchita malonda ndi ogula ndi ogulitsa zitsulo zakutha, samalani ndi zimene zimalowa mu shopu yanu kuchokera kunja. Mawaya a mkuwa, zitsulo za nsanja za magetsi za ESCOM, zivindikiro za ngalande za mumsewu, mamita owerengera madzi ndi mapaipi a mabungwe a madzi, zikwangwani za pamsewu ndi zitsulo za njanji ndi katundu amene amabedwa kawirikawiri, ndipo kulandira katundu wobedwa ndi mlandu ngakhale simunabe ndinu. Chitsulo chotere chikapezeka mu mulu wosasankhulidwa, zimavuta kufotokoza kumene chinachokera. Musasungenso mabatire akale pakati pa zitsulo, chifukwa cha asidi ndi mtovu. Migolo ndi mathanki amene munali petulo, dizilo, thina kapena mankhwala zisadulidwe ndi grinder kapena moto pofuna kupanga zosungiramo, chifukwa mpweya wotsalira m'kati umaphulika ngakhale mgolowo ukuoneka wouma ndipo unakhuthulidwa kalekale. Masilinda akale a gasi musawakhudze n'komwe.

Chotsala ndi chakuti dongosololi lisafe pakatha mwezi umodzi. Njira yosamalira malo a ntchito yotchedwa 5S, yochokera m'mafakitale a ku Japan, imene ena anaiona ikugwiritsidwa ntchito m'zipatala zina za boma kuno, ili ndi kachitidwe kamodzi kothandiza pa vuto lanuli: chinthu chokayikitsa chimaikidwa chizindikiro chofiira, ndipo chikafika tsiku loikika chisanagwiritsidwe ntchito chimachotsedwa. Inu mungachite ndi kadontho ka penti. Zidutswa zonse zimene mwasunga pa tsiku losankhula muzidonthezere penti yofiira kumapeto. Zolowa pambuyo pake zisapakidwe. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, chilichonse chimene chikadali ndi kadontho kofiira ndiye kuti ntchito zanu sizichifuna, ndipo chipite kwa amisiri anzanu kapena pa sikelo, kupatula zokwera mtengo monga stainless, mkuwa ndi mapuleti okhuthala, zimene zingadikire nthawi yotalikirapo. Zimene zatsala m'bokosi tsiku limenelo muzipake mtundu wina wa penti n'kuyambanso kuwerenga. Mtundu wa chitsulo umene ukupezeka ndi madontho ambiri akale, mukweze malire a kutalika kwake pakhoma paja, ndipo umene kachipinda kake kamakhala kopanda kanthu nthawi zonse, malire ake muwatsitse. Mnyamata mmodzi apatsidwe udindo woona bokosi, zitini ndi mgolo wa zakutha Loweruka lililonse musanatseke shopu, ndipo udindowo uzisinthana pakati pa atatuwo mwezi ndi mwezi, kuti aliyense aphunzire kuzindikira zitsulo ndi kuyeza zotsala.